Kodi kuthamangitsa udzudzu ndi ntchito yoti munthu n'kudyera?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 19, kwathu ndi cha ku Muloza ku Mulanje. Ndakhoza MSCE, ndipo Biology, Chemistry ndi masamu ndinachita bwino. Kuyambira ndili mwana ndimaona agogo anga akukanda miyendo mpaka kutuluka magazi, ndipo chaka chilichonse kumudzi kumabwera timapiritsi toyera timene amapereka akakuyeza msinkhu pa ndodo. Ndikufuna kudzakhala wofufuza za matenda ngati amenewa. Amalume akuti ndichite unamwino, zothamangitsa udzudzu n'zamasewera. Njira yake ndi iti, ndipo munthu angadyere ntchito imeneyi?

Yankho:

Mwanawe, ndikuti iwe poti uli msinkhu wa ana anga. Ine ndinakulira m'malaini a pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, bambo anga anali kapitawo, ndipo zaka zanga zambiri zathera pong'amba tizilombo timene anthu ena amangotiphwanya ndi chikhatho. Amalume ako usawakwiyire. Iwo akuwerengera fizi ndi matumba a feteleza, ndipo namwino anamuonapo ndi maso awo akulandira malipiro, pomwe wofufuza za udzudzu sanamuonepo. Tiwafika amalumewo. Tiyambe ndi miyendo ya agogo, chifukwa ntchito yonse imene ukufunsayi ili pamenepo.

Zoyabwa zili ndi magwero ambiri, mphere ndi imodzi, choncho agogo akaonedwe kuchipatala. Koma timapiritsi toyerato ndi ivermectin, pa botolo amalemba Mectizan, ndipo timaperekedwa chifukwa cha matenda otchedwa onchocerciasis. Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi, khungu, lotanthauza chikopa cha munthu komanso kusaona, ndipo matendawa amachita ngati anamva Chichewa, amagwira zonse ziwiri. Kuno kwathu amakonda khungu la pathupi. Kumadzulo kwa Africa ndi kumene ankachititsa khungu la maso anthu ochuluka pamudzi umodzi, mpaka mabanja kuthawa minda yachonde ya m'mbali mwa mitsinje. Choyambitsa ndi nyongolotsi yotchedwa Onchocerca volvulus. Zikuluzikulu zimapindana m'timibulu tolimba pansi pa khungu, kawirikawiri m'chiuno, m'nthiti kapena pa bondo, ndipo yaikazi imatha kukhala zaka 10 mpaka 15 ikubereka tiana mazanamazana tsiku lililonse. Tianato ndi timene timayendayenda m'khungu. Tikamafa thupi limalimbana nato, ndiye kuyabwa kuja, kosadziwa usiku kapena usana. Pakapita zaka khungu limakhakhala, kapena pamsongolo pamachita mawangamawanga oyera.

Wonyamula nyongolotsiyi si udzudzu. Ndi kantchentche kakuda, kochepa kuposa njere ya mpunga, kooneka ngati kali ndi linunda, kamene kamaluma masana makamaka m'miyendo. Udzudzu umafuna madzi odikha, koma iko kamafuna madzi othamanga, athovu, ngati amene amatsika m'phiri kudzera mu Ruo, Lichenya ndi Likhubula, kapena timitsinje ta m'zitunda za Thyolo. Mphutsi zake zimamatirira pa miyala, pa masamba ndi pa udzu umene ukukokedwa ndi madzi. Mtundu umene umafalitsa kwambiri matendawa kuno kummwera unapatsidwa dzina la kwathu, Simulium thyolense. Wasayansi wa ku London kapena ku Accra akafuna kutchula kantchentche kameneka amatchula Thyolo, afune asafune, lilime lipindike bwanji. Ine zimenezi zimandikomera kuposa muyeso.

Matendawa anafufuzidwa mozama kuno ndi Dokotala Gilbert Burnham, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Malamulo, ndipo zimene anapeza m'midzi ya ku Thyolo zinasindikizidwa mu 1991. Mankhwala ake anachokera m'dothi. Satoshi Ōmura wa ku Japan ankatola dothi n'kumalera mabakiteriya okhalamo, ndipo William Campbell ku America anapeza kuti amodzi mwa iwo amatulutsa chinthu chopha nyongolotsi. Poyamba anali mankhwala a ziweto. Mu 1987 kampani ya Merck inalengeza kuti iziwapereka ulere pa matendawa, mu 1997 kuno midzi inayamba kusankha anthu ake oti azigawa, ndipo mu 2015 akuluakulu awiri aja analandira mphoto ya Nobel. Ndodo imene umayezedwa nayo ija nayonso ndi chipatso cha kafukufuku. Muyeso wa mankhwalawa umayendera kulemera kwa thupi, koma sikelo sungaipeze mudzi uliwonse, ndiye anthu anayeza anzawo ambirimbiri mpaka kutsimikiza kuti msinkhu ungalowe m'malo mwa sikelo.

Tsono tamva apa. Ivermectin amapha tiana tija n'kugonetsa mayi wake kubereka kwa miyezi ingapo, koma mayiyo samupha. N'chifukwa chake mapiritsi amabwera chaka ndi chaka: tikudikira kuti nyongolotsi zikuluzikulu zife ndi ukalamba, kwinaku tikuonetsetsa kuti kantchentche kakaluma kasapeze tiana toti kapititse kwa munthu wina. Kuyambira 1997 zaka 15 zinakwana kalekale. Ndiye tisiye liti? Ukasiya msanga matenda abwerera, zaka zonse zija zalowa m'madzi. Ukachedwa, anthu amatopa kumwa mankhwala a matenda amene sakuwaonanso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika muyeso wake mu 2016: m'dera limene mukufuna kusiya muyeze magazi a ana osafika zaka 10 okwana pafupifupi 3,000, kuona ngati thupi lawo linakumanapo ndi nyongolotsiyi, komanso mugwire ntchentche zosachepera 6,000 n'kuziyeza mu labotale. Mukasiya, mupitirize kulondera zaka 3 mpaka 5. Dziko la Niger linadutsa njira yonseyi ndipo mu 2025 linakhala loyamba mu Africa kuvomerezedwa kuti lathetsa matendawa. Kuno vuto lina ndi lakuti kantchentche sikadziwa kuti tsidya la Ruo ndi la Muloza ndi Mozambique. Ntchentche 6,000 zimenezo sizidziponya zokha m'botolo, ndipo wina ayenera kudziwa mtsinje uti, mwezi uti, mwala uti. Amalume akafunsa kuti ntchitoyo ndi yotani, ndi imeneyo.

Tsiku lake limayenda motere. Wogwira ntchentche amakhala m'mbali mwa mtsinje atapinda thalauza mpaka m'mawondo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo kalikonse kotera pamwendo amakavundikira ndi kachubu kasanalume. Ola lililonse lili ndi chubu chake ndi mzere wake m'kope. Chiperoni chikagwa ntchentche siziuluka, umabwerera wonyowa ndi machubu opanda kanthu, koma umalembabe ziro, poti ziro wolembedwa bwino ndi yankho. Ophunzira ambiri amene ndawaona akulephera si oti analibe mutu. Ankachita manyazi ndi ziro, n'kumulumpha, kapena kulemba madzulo zimene anayenera kulemba m'mawa. Kafukufuku amaola kuyambira m'kope.

Za udzudzu n'chimodzimodzi, kungoti ndi ntchito ya usiku. Umapachika msampha wa nyali pafupi ndi neti ya munthu wogona, tambala woyamba n'kukautenga. Pa maikulosikopu umaphunzira kuwerenga mawanga a pa mapiko ndi pa miyendo kuti usiyanitse mitundu ya udzudzu wofalitsa malungo, Anopheles funestus ndi gulu la Anopheles gambiae. M'gulu limeneli muli mitundu yofanana nkhope, monga arabiensis, yoti diso silingaisiyanitse mpaka utayeza chibadwa chake ndi makina a mu labotale otchedwa PCR, chonsecho khalidwe lawo n'losiyana: wina amakonda munthu wa m'nyumba, wina amalumako ng'ombe panja. Pali muyeso wina wosavuta umene unasintha zinthu m'dziko muno. Umaika udzudzu waukazi pafupifupi 25 m'chubu chokutidwa mkati ndi pepala la mankhwala a m'neti, kwa ola limodzi, kenako n'kuusamutsira m'chubu choyera, mawa lake n'kuwerenga wakufa. Wakufa ukachepera 90 pa 100 alionse, ndiye kuti udzudzu wa dera limenelo unapima. Ndi mmene zinadziwikira, ku Likoma mu 2010 komanso ku Chikwawa, kuti funestus sakumvanso mankhwala a m'maneti akale, ndipo maneti a mtundu watsopano amene akugawidwa masiku ano anabwera chifukwa anthu anakhala pansi n'kumawerenga mitembo ya udzudzu umodziumodzi.

Usaganize kuti sayansi imeneyi imachitikira kunja kokha. Malawi ndi dziko loyamba mu Africa kusiya mankhwala a malungo a chloroquine, mu 1993, ofufuza ataona kuti sakuchizanso ana. Tinapita pa Fansidar, ndipo mu 2007 pa LA amene umamudziwayu. Chodabwitsa chinatulukira ku Ndirande: kafukufuku wosindikizidwa mu 2006 anaonetsa kuti patatha zaka zoposa 10 chloroquine asakugwiritsidwa ntchito, tizilombo ta malungo tinayambanso kumumva, poti topima tija tinali titachepa tokha. Muyeso umene madokotala m'maiko ambiri amaonera kukomoka kwa mwana wa malungo a m'bongo umatchedwa Blantyre Coma Score, unapangidwa ku chipatala cha Queens ku Blantyre ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor. Katemera woyamba wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana m'ndondomeko ya boma kuno mu April 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Mu 2020 WHO inavomereza kuti Malawi wagonjetsa matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, ofalitsidwa ndi udzudzu. Ndipo mapiritsi a fexinidazole ochiza kaodzera wa mtundu wa kuno, wofalitsidwa ndi kashembe, anayesedwa ku Rumphi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife a likodzo mwambiwu timaumva mosaphiphiritsa, ndipo tili ndi chowonjezera: nkhono za m'madzi zimene zimasunga likodzo maso ake sali pansonga ya nyanga ngati nkhono ya kudimba, ali patsinde. Ukhoza kudekha tsiku lonse, koma ngati ukuyang'ana polakwika suwaona. Nkhono ya likodzo la m'chikhodzodzo, Bulinus, umaizindikira poigwira nsonga ili m'mwamba, khomo litakuyang'ana: khomo lake limakhala kumanzere, pomwe nkhono zambiri lili kumanja. Ya likodzo la m'matumbo, Biomphalaria, ndi yaphwatalala ngati batani. Umaziika m'timakapu ta madzi pa kuwala n'kudikira maola kuti uone ngati zitulutse tizilombo ta michira yamphanda. Kwa ana asukulu umasefa mamililita 10 a mkodzo wa masana n'kuwerenga mazira. Ngati fungo la mkodzo ndi chimbudzi cha anthu ena limakubweza m'mbuyo, dziwiratu lero. Ndipo poti ndiwe mtsikana, dziwa kuti likodzo limagwiranso njira ya amayi, n'kumaoneka ngati matenda opatsirana pogonana, mpaka mabanja kugwedezeka popanda wolakwa. Mbali imeneyi ikusowa ofufuza achizimayi amene amayi anzawo angamasuke nawo.

Pali phunziro limene sudzalipeza m'kalasi, ndipo iwe wa ku Mulanje uli nalo kale. Unali wamng'ono mu 2017, koma uyenera kuti ukukumbukira mphekesera za anamapopa, mmene anthu ankagonera panja ndi kutchinga misewu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu angapo n'kuphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Tsono ganizira kuti ndiwe mlendo, wafika pa galimoto yoyera, wanyamula bokosi lozizira, ukupempha dontho la magazi a mwana, usiku n'kupachika kanyali m'nyumba ya munthu. Ine zinandionekerapo kalelo, chaka chimenecho chisanafike. Tinali ndi makalata onse a chilolezo, koma tinafika pamudzi wina amfumu atapita ku maliro, tinathamangira kuyamba. Pofika madzulo anyamata anali atazungulira galimoto. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa zaumoyo amene anawalankhula m'Chilomwe, kuwatchula mmodzimmodzi ndi maina a amayi awo. Wolakwa ndinali ine. Anthu saopa pachabe: anaonapo alendo akutenga magazi osabweranso kudzanena zimene anapeza. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga COMREC kapena NHSRC, koma chidindo cha komiti sichilankhula pabwalo la mfumu. Umayamba ndi amfumu, alangizi a zaumoyo ndi komiti ya mudzi, umaonetsa anthu chimene chili m'bokosi, umalola wokana akane, ndipo ukamaliza umabwerera kukanena zotsatira. Ngati agogo amalankhula Chilomwe, chitole chonse chisanapite nawo. Pa ntchito imeneyi ndi digiri ina payokha.

Tsopano njira. Palibe digiri yoyamba imene ingakupatse dzina loti wofufuza za tizilombo. Umalowera pa khomo lina n'kukhotera mkati. Pofunsira malo a ku yunivesite kudzera ku bungwe la NCHE yang'ana Medical Laboratory Sciences ku KUHeS, Medical Microbiology kapena Immunology ku MUST, pompano pa Ndata ku Thyolo, digiri ya sayansi yotsamira pa Biology ku University of Malawi ku Zomba, Biomedical Sciences ku Mzuzu, Environmental Health ku MUBAS, kapena za matenda a ziweto ku LUANAR, poti nkhupakupa ndi kashembe sizisankha pakati pa munthu ndi ng'ombe. Mapointi akapanda kukufikitsa kumeneko, maphunziro a labotale ku Malamulo pa Makwasa kapena ku Malawi College of Health Sciences si njira yonyozeka. Ine ndikamasankha wothandizira, amene watha zaka ziwiri akuyang'ana tizilombo ta malungo m'magazi opakidwa pa timagalasi pachipatala cha kumudzi ndimamuika patsogolo pa wa digiri amene maikulosikopu anangoigwira tsiku la mayeso.

Uli ku koleji, masamu usawataye. Ambiri amathawira ku Biology pothawa manambala, n'kukawapeza akuwadikira kutsogolo. Phunzira statistics, ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa R, imene ndi yaulere. Phunziranso kulemba Chingerezi chachidule, chomveka, chifukwa ndalama za kafukufuku zimapemphedwa ndi cholembera. Pulojekiti ya chaka chomaliza usankhe kafunso kakang'ono koti ukayankhe mpaka kumapeto, monga nkhono za m'dambo limodzi mwezi ndi mwezi. Patchuthi gogoda ku Malaria Alert Centre kapena ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, ngakhale kukhale kotsuka mabeseni a mphutsi za udzudzu. Ambiri tinalowera pamenepo. Ukatero umagwira zaka ziwiri kapena zitatu ngati wothandizira, kenako masters, kuno kapena kunja ngati ku Liverpool, London kapena Johannesburg, kudzera m'thandizo la Commonwealth, Beit Trust, Wellcome kapena TDR ya WHO. PhD ndi zaka zina zitatu kapena zinayi. Ukawerenga bwino, kuchokera pamene ulipa mpaka kudzatsogolera kafukufuku wakowako ndi zaka zoposa 12. Posankha wokuyang'anira, funsa ophunzira ake akale ngati maina awo anatuluka pa zimene anagwira. Alipo akatswiri, akuda ndi oyera omwe, amene amakutuma kumtsinje zaka zitatu, pa pepala n'kungokuthokoza m'munsi.

Za ndalama ndinena mosabisa. Munthu amadyera, ndipo pulojekiti ikakhalapo malipiro ake nthawi zambiri amaposa a m'boma pa msinkhu wofanana. Koma ndi ntchito ya makontirakiti, chaka chimodzi, ziwiri, zitatu, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera kunja. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake, anthu ambiri a ntchito za zaumoyo anadzuka m'mawa n'kupeza ntchito palibe, popanda chimene analakwa. Ine ndinakhalapo miyezi isanu ndi iwiri pakati pa mapulojekiti awiri, ndikuphunzitsa ana a Fomu 4 kuti ndipeze lendi. Ndinatayaponso zoyeza za nyengo yonse ya mvula magetsi atathima Lachisanu, jenereta ilibe mafuta, Lolemba n'kupeza firiji ikununkha. Ndinalira ngati pamaliro. Chotchinjiriza chake n'kukhala ndi luso limene chipatala kapena kalasi ingakulembere ngakhale kafukufuku atauma, n'chifukwa chake ndimakonda khomo la labotale kwa mwana amene kwawo akumudalira.

Apa ndi pamene iwe ndi amalume mungakumane. Ukhale nawo pansi, osati pa foni, uwauze kuti wa labotale nayenso amalembetsa ku Medical Council, amavala gawuni yoyera, ndipo amagwira ntchito pachipatala pomwepo pamene iwo akufuna kukuona. Akaumirirabe unamwino ndipo fizi ili m'manja mwawo, usaone ngati chitseko chatsekeka. Kafukufuku aliyense woyesa mankhwala kapena katemera amayenda ndi anamwino, ndipo ndikudziwa angapo amene anayambira pa wodi lero akutsogolera kafukufuku wawo. Chimene ungataye polowera kumeneko ndi mbali ya tizilombo touluka ndi mitsinje, ndipo ngati mtima wako uli kumeneko uwauze poyera.

Pamene ukudikira masankho, gula kope la chikuto cholimba. Upite kwa amene amagawa mapiritsi m'mudzi mwanu, uwapemphe mwaulemu kuti uziwaperekeza ulendo wotsatira. Uone amene amakana ndi chifukwa chake, amene amapezeka ali kothyola tiyi kapena tsidya ku Milanje tsiku logawa, amene amalandira koma osameza. Maina a anthu usalembe, ulembe zifukwa. Iwenso umwe ako. Kenako upite pamalo pamene mtsinje ukuthamanga pa miyala, uzule tsamba kapena udzu umene ukugwedezeka m'madzi, uyang'anitsitse: ukaona timphutsi tofiirira kapena totuwa, tonenepa kumunsi, toimirira mothithikana ngati ubweya, taika m'kabotolo ka spiriti, ulembe tsiku, malo ndi mmene madzi analili. Uvale thalauza ndi masokosi, zodzipereka nyambo zisiyire amene anaphunzitsidwa. Usapite wekha. Ndipo mitambo ikaphimba phiri tuluka m'madzi msanga, ngakhale pamene waimapo pakuwala dzuwa, poti Ruo amadzaza ndi mvula imene sunaione.